Kusintha mashoko a boneti ndi a chitseko chakumbuyo pa Land Cruiser 100: momwe ntchito ikuyendera

Tsiku loyamba: kuona pomwe pali vuto

Galimoto yake ndi Toyota Land Cruiser 100 ya dizilo, mtundu uja unkapangidwa kuyambira 1998 mpaka 2007, ndipo yadutsa kale m'manja mwa eni angapo. Yafika ndi mpini wa tsache m'buti. Mpini umenewu ndi womwe wakhala ukugwira ntchito ya mashoko anayi: awiri a boneti, ndi awiri a chitseko chakumbuyo cham'mwamba, chija chili ndi galasi ndi waipala. Chitseko cham'munsi, chotsegukira pansi, sichikukhudzidwa pa ntchito ino.

Boneti ukaikweza n'kuisiya imaima masekondi ngati atatu, kenako imayamba kutsika mwakachetechete, ikafika theka imangoti phuu. Chitseko chakumbuyo chili ndi khalidwe lina: masana dzuwa likuswa mtengo chikuima chokha, m'mamawa sichikuima.

Kuti izi zimveke, tiyambe ndi zomwe zili m'kati. Mu shoko ya mtundu uwu mulibe sipuling'i. Muli mpweya wa nayitirojeni wopanikizidwa kwambiri, ndi kaoyilo pang'ono. Pisitoni ya m'katimo ili ndi kabowo, choncho mpweya umadutsa n'kumakankha mofanana mbali zonse ziwiri. Koma mbali imodzi ya pisitoni yatengedwa malo ndi ndodo, ndiye mbali inayo imapambana, ndodo n'kumatuluka. Mphamvu ya shoko imatsamira pa zinthu ziwiri basi, kunenepa kwa ndodo ndi kuchuluka kwa mpweya. Ndodo ya mamilimita 8 kuti ikankhe ndi mphamvu ya 500N (N ndi nyutoni, muyeso wa mphamvu yokankha) imafuna mpweya wa pafupifupi 100 bar, pomwe tayala la galimoto yaing'ono timalipopa 2.2 kapena 2.5 bar. Chotseka mpweya wonsewo ndi kasili kamodzi pakamwa pa chubu, pomwe ndodo imalowera ndi kutulukira. Kasili kameneko kakauma kapena kakakandika, mpweya umathawa pang'onopang'ono, osamveka ndi khutu, kwa miyezi kapena zaka.

Nambala ya mphamvu yomwe amalemba pa shoko amaiyeza pa kutentha kwa madigiri 20. Kutentha kukatsika ndi madigiri 10 mphamvu imatsika ndi pafupifupi 3.5 peresenti, kukatentha imakwera chimodzimodzi. Pakati pa m'mawa wa mu June ku Dedza kapena ku Mzuzu ndi masana a mu October kuchigwa kwa Shire, shoko yomweyo imatha kusiyana mphamvu ndi gawo limodzi mwa magawo khumi. Kwa yatsopano kusiyanaku sikuoneka. Kwa yotha, ndi komwe kumalekanitsa chitseko choima ndi chitseko chogwera pamutu. N'chifukwa chake shoko timaiweruza m'mawa, osati masana.

Zomwe zaoneka ndi maso: pakamwa pa mashoko onse awiri akumbuyo pali mkanda wakuda wa fumbi losakanikirana ndi oyilo. Oyilo akatuluka panja, dziwani kuti sili yapita. Ndodo yakumanzere ili ndi zipsera ziwiri zamano, chizindikiro choti wina ankaipana ndi pulayala yokhoma kuti chitseko chisatsike. Njira imeneyi ndi yofala m'magalaja athu ndipo ndi yowononga, chifukwa chipsera chilichonse pa ndodo chimadula sili nthawi iliyonse chitseko chikatsekedwa. A boneti ndi ouma, alibe oyilo panja, koma angotheratu ndi ukalamba komanso kutentha kwa injini.

Tsiku lachiwiri: kuyeza

Lero sipanamasulidwe chilichonse kupatula shoko imodziimodzi yoti iyezedwe n'kubwezeretsedwa. Tsiku ili ndi lomwe limapulumutsa ndalama, ngakhale ambiri amalidumpha.

Miyeso yofunika ndi itatu, ndipo iyezedwe chitseko chili chotsegula mpaka pamapeto, wina atachigwira. Woyamba ndi kutalika kwa shoko yonse itatambasuka, kuchokera pakati pa kamutu kozungulira ka kumtunda kufika pakati pa ka kumunsi. Tikuti pakati, osati kumapeto kwa pulasitiki, chifukwa makapu a makampani osiyana amasiyana kutalika. Wachiwiri ndi ulendo wa ndodo, kutanthauza gawo lonyezimira lomwe limalowa m'chubu. Mukachotsa wachiwiri pa woyamba mupeza kutalika kwa shoko itapanikizika, ndipo muyeso umenewu ndi womwe umanena ngati chitseko chitsekeke kapena ayi. Wachitatu ndi kukula kwa kamutu kozungulira. Pa magalimoto ambiri ndi mamilimita 10, pa bawuti ya M8, koma yezani ndithu.

Kenako werengani zolembedwa pachubu. Pukutani ndi kansanza konyowa, osapala ndi sandipepa. Mufunefune nambala yothera ndi chilembo N, yolembedwa ngati 0450N, ndi nambala ya chipangizocho. Makampani ngati Stabilus ya ku Koblenz m'dziko la Germany amalemba zonse ziwiri. Pa galimoto iyi a boneti ndi akale a Toyota, nambala yawo ikuwerengeka. Akumbuyo si a Toyota, mwini wina anawasinthapo, ndipo pepala lake linafufutika kalekale. Ngakhale likanawerengeka, nambala ya chinthu chomwe sitikudziwa ngati chinasankhidwa bwino si yoti n'kuitsatira. Akumbuyowa afufuzidwa pogwiritsa ntchito nambala ya chasisi. Pa Cruiser izi n'zofunika kwambiri popeza mitundu yake ya HDJ100, UZJ100 ndi HZJ105 kunja zimaoneka ngati ana a mimba imodzi, koma ma 105 ena ali ndi zitseko ziwiri zotsegukira m'mbali ngati za ambulansi, ndipo wogulitsa akamva "Cruiser" yekha atha kukupatsani chilichonse.

Mphamvu yotsala yayezedwa pa sikelo wamba yoyezera anthu. Ikani kathabwa pa sikelo, imikani shoko ndodo ili pansi, kanikizani ndi manja awiri mowongoka mpaka ndodo italowa pang'ono, werengani. Kilogalamu imodzi pa sikelo ndi pafupifupi 10N. Yakumbuyo yakumanja yaonetsa makilogalamu 33, yakumanzere 19. Si muyeso wa kufakitale, koma ukukwanira kuonetsa kuti mbali imodzi yakhala ikusenza katundu wa inzake. Umboni wina uli pa chitseko chenichenicho: mpata wa pakati pa chitseko ndi denga ndi waukulu kumanzere kuposa kumanja, ndipo hinjesi yakumanzere ikugwedera pang'ono ukaigwedeza.

Pano pali kasamu kofunika kukadziwa. Shoko imagwira chitseko pafupi ndi mahinjesi, pomwe kulemera kwa chitseko kuli kutali nawo. Tiyerekeze chitseko cha makilogalamu 25, pakati pa kulemera kwake pali mamilimita 500 kuchokera pa hinjesi, ndipo shoko ikukankhira pa mamilimita 150. Kuti chiime pakufunika mphamvu yopitirira pang'ono 800N, yomwe ndi kuposa kuwirikiza katatu kulemera kwa chitsekocho, kutanthauza 400N mbali iliyonse. Mphamvu yonseyo imathera pa tibawuti tiwiri ndi mahinjesi awiri. Ichi ndi chifukwa chake kugula shoko yamphamvu kuposa yoyenera "kuti ikhalitse" ndi kulakwa. Chitseko chimatseguka molumpha, chimavuta kutseka, ndipo m'kupita kwa nthawi malata ozungulira bawuti amapindika kapena kung'aluka. Kuwonjezera mphamvu kumaloledwa pokhapokha ngati chitseko chawonjezeredwa katundu, monga makwerero, ndipo ngakhale pamenepo ndi pang'ono chabe.

Tsiku lachitatu ndi lachinayi: kugula

A boneti apezeka tsiku lomwelo, nambala yofanana, awiri m'paketi imodzi pamodzi ndi tibawuti tatsopano.

Akumbuyo avuta. Sitolo ina inapereka awiri omwe wogulitsa amati amakwana pa Cruiser iliyonse. Atayezedwa pa kauntala pomwepo, anapezeka otalikirapo ndi mamilimita 20 koma ulendo wa ndodo uli wofanana ndi akale. Ndiye kuti atapanikizika akhalabe otalikirapo ndi mamilimita 20 omwewo. Shoko yotero imafika pamapeto chitseko chisanagwire loko, munthu n'kumenyetsa chitseko mwamphamvu poganiza kuti loko ndi yomwe yavuta, bawuti n'kuzuka. Yaifupi nayo ili ndi vuto lake, koma laling'ono: chitseko sichikwera mokwanira, aatali amagunda mutu. Anasiyidwa pomwepo. Tepi muziyenda nayo popita kukagula, ndi shoko yakale m'manja.

Ochotsa pa galimoto zophwasula nawonso sanatengedwe. Pa zinthu zambiri zachitsulo, monga bulaketi kapena hinjesi, chakale chabwino chimaposa chatsopano chotchipa. Pa shoko ya mpweya sizili choncho. Yochokera pa galimoto ya zaka zofanana ndi yanuyo sili yake ndi ya zaka zomwezo, ndipo mwina yagona chafufumimba pashelefu miyezi yambiri oyilo osafika pa sili. Kuthiranso mpweya m'yakale kumatheka kwa omwe ali ndi makina ake, koma kumathandiza pokhapokha ndodo ili yosalala. Ya zipsera zamano ija ngakhale itadzazidwa sipangapite nthawi isanaphwe.

Oyenera afika tsiku lachinayi madzulo. Onse awiri pa sikelo akuwerenga mofanana. Chenjezo kwa amene sanagwirepo yatsopano: siikanikizika ndi dzanja limodzi, ndipo ulendo woyamba imakhala ngati yakakamira chifukwa sili yagwira ndodo nthawi yonse yomwe inali m'paketi. Si yowonongeka. Musaibweze, ndipo musaipane pa vaisi pofuna kuifewetsa.

Tsiku lachisanu: boneti

Zida: sipanala ya 12, sikuludiraiva yaing'ono yaphwatalala, oyilo wopopera womasulira dzimbiri, girisi pang'ono, nsanza, thabwa lolimba lotalika kufika pa boneti itatseguka, ndi munthu wachiwiri. Injini ikhale yozizira, galimoto pamalo athyathyathya, kumbuyo kwake kuloze komwe kukuchokera mphepo kuti boneti isakankhidwe.

Thabwa liikidwe kaye musanakhudze sipanala. Liime pachitsulo cholimba chakutsogolo, osati pa ladiyeta kapena pa pulasitiki, ndipo kumtunda likhale pa nthiti ya m'kati mwa boneti, pataikidwa nsanza kuti lisatereke. Shoko yakufa imanyenga. Imaoneka ngati palibe chomwe ikuchita, koma mukangochotsa imodzi mudzazindikira kuti inali ikusenzabe gawo lake, ndipo inzakeyo payokha siingagwire ngakhale sekondi imodzi. Mutu ndi mikono yanu nthawi imeneyo zimakhala pansi pa boneti.

Mashoko akalewa alibe kilipi yotsegula. Kamutu kozungulira kanatsekeredwa m'kapu kufakitale, ndiye amachoka pomasula bawuti yonse ndi sipanala ya 12 yolowetsa pakati pa kapu ndi bodi. Atatu amasuka bwinobwino. Wachinayi, wakumunsi kumanja pafupi ndi fenda pomwe pamadikha madzi amvula, unagwidwa ndi dzimbiri. Kumbuyo kwa malata kuli nati yowotcherera yomwe dzanja silingafikeko, ndipo ikathothoka ntchito ya mphindi khumi imasanduka ya tsiku lonse. Choncho panalibe kukakamiza. Wapoperedwa oyilo, wasiyidwa theka la ola, kenako kumasula pang'ono, kumanganso pang'ono, kupoperanso, mobwerezabwereza mpaka wayamba kuyenda. Moto pamalo pano ndi woletsedwa shoko ikadali pomwepo. Chubu cha mpweya wa 100 bar sichiyandikizidwa ku gasi wowotcherera.

Mazinga a bowolo anatsukidwa ndi tapu (kachida kokonzera mazinga m'bowo) ya M8 x 1.25, yoyendetsa ndi zala poyamba. Tibawuti tatsopano tinalowa ndi dzanja mpaka kumapeto tisanamangidwe. Ngati bawuti ikulimba itangozungulira kawiri, yapingasa, ibwezeni muyambirenso. Pomanga, bawuti ya M8 pamalata ngati awa isapitirire 20 N·m. Kwa opanda sipanala yoyezera, ndi kumanga ndi sipanala yaifupi mpaka yagwira, n'kuwonjezera pang'ono chabe.

Mbali imodzi imalizidwe musanayambe inayo. Pakani girisi wochepa ngati kanjere ka mapira pa kamutu kozungulira, osati pa ndodo. Girisi pa ndodo amaitana fumbi, ndipo fumbi la m'misewu yathu likasakanikirana ndi girisi limasanduka sandipepa ya sili. Kapu ya shoko yatsopano imangokanikizidwa pa kamutu mpaka imveke kuti "kha". Ngati mabowo sakukumana, wothandiza akweze kapena atsitse boneti pang'ono. Shoko siipanikizidwa kuti ikwane, chitseko ndi chomwe chimasunthidwa. Kapu ikayang'ana kolakwika, igwireni n'kuipotoza motsata kayendedwe ka wotchi kuti isamasuke pa mazinga ake.

Ndodo iyang'ane kuti? Lamulo lake ndi lakuti ndodo ikhale kumunsi, chubu kumtunda, kuti oyilo atsikire pa sili n'kumainyowetsa. Oyilo yemweyo ndi amene amachititsa kuti chitseko chifike pamapeto mofatsa, osagunda. Njira yosalakwa ndi kujambula ndi foni momwe akale a kufakitale analili musanawachotse, n'kutsatira chithunzicho.

Boneti tsopano ukaikweza kufika pafupifupi theka imapitiriza yokha, n'kuchepetsa liwiro chakumapeto. Yatsegulidwa ndi kutsekedwa kakhumi. Loko ikugwira kamodzi.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi: chitseko chakumbuyo

Apa thabwa lokha silikwanira. Chitseko ndi cholemera chifukwa cha galasi ndi mota ya waipala, ndipo thabwa likaterereka chimatsika ndi mphamvu yoti chitha kuswa galasi kapena dzanja. Thabwa liime pansi pa nthaka n'kugwira m'mphepete mwachitsulo, osati pa galasi, ndipo wothandiza agwirizebe ndi manja awiri kuyambira pachiyambi mpaka shoko yatsopano itagwira mbali zonse.

Mashoko omwe analipo ndi a kilipi. Kumbuyo kwa kapu kuli kachitsulo kopyapyala kokhota ngati chibangili, kokhala ndi kampata kolowetsapo sikuludiraiva. Lowetsani nsonga, tukulani mamilimita awiri kapena atatu, kokerani shoko kunja. Kilipi isatuluke yonse. Ikatuluka imauluka, ndipo ikapindika sigwiranso kamutu. Yambani kumunsi kuti shoko itsale ikulendewera m'malo mogwera pa penti.

Kumanja kunatenga mphindi zosakwana zisanu. Kumanzere kwatulukira vuto lomwe silinkaoneka. Kamutu kozungulira ka pabodi kadyeka mbali imodzi, m'malo mobulungira kakhala ngati nyemba, ndipo bawuti yake yapendekeka pang'ono. Choyambitsa chapezeka: pansi pake anaikapo mawashala atatu kuti shoko yosayenera ija isakhule bodi. Mawashala amenewo anatalikitsa bawuti, mphamvu n'kumaipinda ngati munthu akuthyola nzimbe pa bondo. Kapu yatsopano ikanavekedwa pa kamutu kodyeka, ikanagwedera ndipo tsiku lina ikanavuka chitseko chili m'mwamba. Kayeseni motere nthawi zonse: vekani kapu, ikokereni kunja ndi mphamvu. Ikasuntha kapena kulira, kamutu kasinthidwe.

Mawashala achotsedwa, kamutu katsopano kaikidwa. Malata ozungulira bowo apendedwa ndi tochi kufunafuna ming'alu ya penti yooneka ngati ukonde wa kangaude, yomwe imasonyeza kuti chitsulo chatopa. Palibe. Pakanakhala mng'alu, pakanafunika kuwotcherera kachitsulo kolimbitsa shoko isanaikidwe, apo ayi mphamvu yatsopanoyo ikanaukulitsa.

Chitseko chili chotsegula chomwecho, payang'anidwanso kapaipi ka labala kodutsamo mawaya pakati pa denga ndi chitseko. N'kosang'ambika. Mahinjesi apoperedwa oyilo, mabawuti ake ayesedwa ndi sipanala, onse ndi olimba. Kugwedera kuja kuli pa pini ya hinjesi yakumanzere.

Kutseka koyamba kuchitike pang'onopang'ono, diso lili pa mashoko, kuona ngati chubu sichikukhula bodi, labala kapena pulasitiki ya m'kati, ndiponso ngati chitseko chikufika pa loko popanda kulimbana. Chafika. Potsegula, chikakwera pang'ono chimanyamuka chokha, n'kukaima mwaulemu pamwamba.

Akale anayi aja sanatayidwe kudzala. Zinyalala kwathu kuno zimatenthedwa, ndipo shoko yomwe yalephera kunyamula chitseko imakhalabe ndi mpweya wokwanira kuphulika pamoto n'kuponya ndodo ngati mkondo. Ana nawonso amakonda kutola zoterezi. Iliyonse yapanidwa pa vaisi ndodo ili yotambasuka, yabooledwa ndi kadirilo ka mamilimita 3 pa mtunda wa mamilimita 20 kuchokera kumapeto kotseka kwa chubu, wobowola atavala magalasi ndipo nsanza itaphimba pamwamba poti mpweya umatuluka ndi tizidutswa tachitsulo. Oyilo wakhuthulidwira m'chigubu cha oyilo wakale wa injini, zitsulo zapita kwa ogula zitsulo zakutha.

Patapita sabata imodzi

Galimoto yayenda ulendo wa msewu wafumbi ndi mabampu. Tibawuti tonse tayesedwanso ndi sipanala, ndipo kamodzi kokha, kaja ka pafupi ndi fenda komwe mazinga ake anatsukidwa, kanalola kuzungulira pang'ono. Kamasulidwa, kadonthezedwa mankhwala abuluu ogwiritsa mazinga, kamangidwanso. Ndodo zonse zinayi zapukutidwa ndi nsanza youma. Pakamwa pa machubu palibe oyilo.

Mayeso a m'mawa achitika 6 koloko galimoto itagona panja. Boneti yaima mphindi 15 osasuntha. Chitseko chakumbuyo chaima nthawi yomweyo, ndipo chikakokedwa pansi masentimita 10 n'kusiyidwa chikubwerera chokha m'mwamba. Mpata wa pakati pa chitseko ndi denga wachepa kusiyana, koma kumanzere ukadali wokulirapo ndi mamilimita ngati awiri.

Chatsala ndi hinjesi yakumanzere ija. Pini yake yadyeka, ndipo popeza mashoko atsopano akukankha mwamphamvu kuposa akale, kugwederako kuzikula. Ikufunidwa yochotsa pa galimoto yophwasula. Poisintha, mashoko onse awiri adzayenera kuchotsedwa kaye, malo a hinjesi yakale ajambulidwe ndi maka kuzungulira isanamasulidwe, ndipo ogwira chitseko adzafunika awiri.